Kukhazikitsa malo oswanira chambo pagombe panu

Ndikafika pa doko kudzakamba za kutseka nyanja, sipalephera kuimirira bambo wina n'kufunsa kuti: "Alangizi, chaka ndi chaka timapachika makoka miyezi iwiri yathunthu, nanga chambocho chili kuti?" Funsoli ndi lomveka ndithu. Kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Disembala makoka saloledwa m'nyanja ya Malawi, koma kalendala payokha siingabweze chambo ngati pa 1 Januwale tithamangira kukasesa malo omwe ana ake akukulira.

Tiyambe taona mmene nsombayi imaswanira, chifukwa nzeru yonse yagona pamenepo. Chambo chachimuna chimakumba chisa pamchenga, chozungulira ngati lichero lalikulu. Chachikazi chikaikira mazira pamenepo chimawatola n'kuwasunga m'kamwa kwa masabata angapo, osadya kwenikweni. Amene munagwirapo chambo mu Novembala mukudziwa: mukachiponya m'bwato chimalavula timazira tachikasu, pena tiana tomwe tayamba kale kugwedeza mchira. Mazirawo amangokhala mazana ochepa, pomwe mlamba umaikira masauzande ambirimbiri. Tiana tikaswa, mayiyo amapita nato kosaya, m'mabango ndi m'maudzu a m'madzi, ndipo kukabwera choopsa timathawira m'kamwa mwake momwemo. Kasawala ameneyu amatenga pafupifupi zaka zitatu kuti nayenso ayambe kuswana. Ndiye khoka likakokedwa pamalo otere limagumula zisa, kuzula udzu, kugwira mayi ndi ana omwe, zonsezi pa mkoko umodzi.

Ku Malombe zinachitika anthu akuona. M'zaka za m'ma 1980 nyanja yosayayi inkatulutsa matani masauzande a chambo pachaka, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anatsala mazana chabe. Maukonde a maso ang'onoang'ono monga nkacha ndi makoka a kambuzi anachuluka, udzu wa pansi pa nyanja n'kutha. N'chifukwa chake makomiti a m'midzi oyang'anira usodzi pagombe, otchedwa BVC, anayambira komweko mu 1993, kuti asodzi eni ake akhale ndi mawu pa nyanja yawo. Mu 2018 bungwe la padziko lonse loona za kuteteza zachilengedwe la IUCN linaika mitundu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo chachikulu cha kutheratu. Ndipo kutha kwa nsomba si nthano ayi. Afunseni agogo anu za ntchila, yomwe kale inkadzaza mabwato.

Tsono malo otetezedwawo muwasankhe bwanji? Musakhale pansi pa mtengo n'kungoloza. Tengani asodzi achikulire awiri kapena atatu, mupalase nawo m'mamawa madzi ali bata, akuonetseni pomwe zisa zimaoneka ndi pomwe kasawala amasonkhana. Kawirikawiri pamakhala pakamwa pa mtsinje, m'kagombe kobisika ku mwera, kapena pomwe mabango akadalipo. Pali chinyengo chimodzi chomwe ndachiona kangapo: mudzi umapereka malo omwe aliyense akudziwa kuti mulibe nsomba, pofuna kuti pasakhale wodandaula. Malo otero mungawalondere zaka khumi, simudzaonapo kanthu. Ndi bwino kutseka kadera kakang'ono komwe chambo chimaswaniradi, ndiponso koti muzikaona muli kumtunda, kusiyana ndi dera lalikulu lomwe simungathe kulilondera.

Mukagwirizana, ikani zizindikiro zooneka. Zigubu zomangirira ku miyala ikuluikulu zimagwira ntchito ya maboya bwinobwino, bola chingwe chikhale cholimba. Kenako mizani nthambi za mitengo, zomangidwa m'mitolo ndi kulemeretsedwa ndi miyala. Nthambizi zimamera ndere yomwe tiana timadya, zimatibisa kwa nsomba zolusa ndi mbalame, komanso zimang'amba ukonde wa aliyense wobwera usiku. Kunena zoona, ntchito yachitatuyi ndi imene imathandiza kwambiri. Gwiritsani ntchito nthambi zosadzula, musakagwetse nkhalango pofuna kupulumutsa nyanja, ndipo mupewe zomera zonse zomwe anthu amapangira katupe.

Kumtunda nakonso kuli ntchito. Mabango a m'mphepete mwa malowo asadulidwe kapena kutenthedwa, ndipo munda usafike m'madzi. Mvula yoyamba ikagwa pa nthaka yolimidwa mpaka pagombe, matope amakwirira zisa.

Chovuta kwenikweni si nthambi kapena zigubu, koma anthu. Pa gombe lina komwe ndinagwirako ntchito zonse zinayenda bwino kwa miyezi isanu, mpaka tsiku lomwe anagwidwa ndi khoka anali mphwake wa mkulu wina wa m'komiti. Mlandu unazizira, ndipo pasanathe mwezi aliyense ankaponya ukonde momwemo. Choncho malamulo alembedwe, chindapusa chidziwike pasadakhale, a mfumu asainire pamaso pa mudzi wonse, ndipo ofesi ya zausodzi ya m'boma lanu ilandire kope kuti pa tsiku la mlandu mukhale ndi pogwira. Lamulo la zausodzi la 1997 limapereka mpata woti anthu a m'midzi atenge nawo mbali pa kasamalidwe ka nsomba. Pamsonkhanopo pasakhale eni zida okha. Alovi ndi amayi ogula nsomba ndiwo amadziwa amene wakoka usiku, ndipo amayiwo akakana kugula kasawala, womugwirayo amasowa kopita naye.

Wokayika apite ku Salima akaone chilumba cha Mbenji. Kumeneko, pansi pa ufumu wa a Makanjira, usodzi umatsekedwa mu Disembala n'kutsegulidwa mu Epulo, ndipo mwambowu unayamba m'zaka za m'ma 1950, boma lisanabwere ndi makomiti. Wophwanya lamulo amalangidwa posayang'ana nkhope, ndipo nyanja ikatsegulidwa asodzi amachokera kutali kudzapha utaka.

Za maneti a udzudzu sindichulukitsa mawu. Anaperekedwa kuti ana asadwale malungo, ndipo m'madzi samasiya ngakhale kamwana kamodzi ka nsomba.

Komaliza, dulani kamtengo kotalika masentimita 15, kazikhala pa doko. Chambo chosafika pamenepo lamulo silichilola, chibwerere m'madzi chikadali chamoyo. Mlembi wa komiti akhale ndi kabuku kolembamo chambo chomwe chatuluka tsiku lililonse m'malo oyandikana ndi otetezedwawo. Chaka choyamba mudzangoona kasawala akuchuluka m'nthambi zija, ndipo ena adzayamba kung'ung'udza kuti mutsegule. Musatsegule. Chambo chachikulu chimayamba kuoneka m'machera a kunja kwa malire m'chaka chachitatu, ndipo kabuku kaja ndi komwe mudzawawerengere ong'ung'udzawo pa msonkhano.