Momwe mungauzire fakitale mabowo ofuna mkuwa ndi osafuna pa bolodi ya PCB

Mukayang'ana pa kompyuta, mabowo onse a pa PCB, bolodi yowotchererapo zipangizo zamagetsi, amaoneka chimodzimodzi, koma ali mitundu iwiri. A PTH amakutidwa ndi mkuwa m'kati mwake kuti magetsi adutse kuchoka pamwamba kukafika pansi, ndipo timabowo ta via, tongolumikiza njira za mkuwa za mbali zosiyana, tili m'gulu lomweli. A NPTH amangobooledwa basi, polowa mabawuti kapena tizikhomo tapulasitiki ta pa soketi. Mukapanda kunena, a kufakitale amangoganizira okha, ndipo kawirikawiri akaona mkuwa mbali zonse ziwiri za bowo amalikuta.

Ine zinandionekera. Pa bowo la bawuti ndinasiya mkuwa wa 5V pamwamba ndi wa GND (mbali ya 0V) pansi, onse ofika m'mphepete mwenimweni. Mabolodi atabwera, mita yoyezera magetsi inangolira nditangokhudzitsa, kusonyeza kuti 5V ndi GND zalumikizana. Khoma la bowo linali lowala mkuwa, litalumikiza mbali ziwirizo. Ndinachita kupala bowo lililonse ndi manja, ndipo vuto linali langa chifukwa sindinanene.

Choyamba, lembani mabowo onse n'kudzifunsa pa lililonse: kodi pano padutsa magetsi, kapena pawotchereredwa mwendo wa chipangizo? Ngati inde, ndi PTH. Bowo la bawuti limafuna kuliganizira bwino. Ngati mukufuna kuti bawutiyo ilumikize GND ndi bokosi lachitsulo, likhale PTH lokhala ndi mphete yamkuwa yaikulu kuposa mutu wa bawuti. Ngati simukufuna, likhale NPTH.

Chachiwiri, sankhani mtunduwo m'pulogalamu yojambulira momwemo. Mu KiCad, tsegulani pad (kamalo ka bowolo pa chojambula) n'kusankha Through-hole kapena NPTH, Mechanical. Musangojambula chozungulira pa mzere wa m'mphepete mwa bolodi n'kumayembekeza kuti wina amvetsa.

Chachitatu ndi kukula kwa bowo, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Nambala imene mukulemba ikhale kukula kwa bowo likamalizidwa, osati kukula kwa choboolera. Mkuwa umadya malo. Muyezo wa IPC-6012, umene umagawa mabolodi m'magulu malinga ndi kudalirika kwake, umafuna kuti pa Class 2 khoma likhale ndi mkuwa wa mamaikoromita 20 pa avereji, pa Class 3 akhale 25. Choncho fakitale imaboola mokulirapo, nthawi zambiri ndi 0.1 mm, kuti mkuwa ukalowa bowo litsale mmene munafunira. Mukawonjezera nokha, iwonso n'kuwonjezera, mwendo umagwedera ndipo mtovu sudzaza bwino.

Poyeza, tengani kunenepa kwakukulu kwa mwendo kumene kwalembedwa mu datasheet (chikalata cha miyezo ya chipangizocho) n'kuwonjezera pakati pa 0.15 ndi 0.25 mm, monga IPC-2222 imanenera. Mwendo wa ngodya zinayi muziuyeza mopingasa, ngodya ndi ngodya. Kapini ka 0.64 mm ka pa header (mzere wa timapini tolumikizira) mopingasa kamakwana 0.9 mm, n'chifukwa chake bowo lake limakhala 1.0 mm. Bawuti ya M3 imalowa bwino pa 3.2 mm. Kumbukiraninso kuti kukula kwa PTH kumaphonya mochulukirapo kuposa kwa NPTH: mafakitale ambiri amalonjeza pafupifupi 0.08 mm uku ndi uku pa PTH, koma 0.05 mm pa NPTH. Ngati kachikhomo kakuyenera kugwira ndendende, NPTH ndiyo yabwino.

Chachinayi, chotsani mkuwa kuzungulira bowo la NPTH pa magawo onse a mkuwa, a m'kati mwa bolodi omwe. Chifukwa chake chili m'kapangidwe. Fakitale imaboola onse nthawi imodzi, kenako imaphimba a NPTH ndi kapepala kotchinga kuti mkuwa usakhazikike m'kati. Kapepalako kamafuna pogwira popanda mkuwa m'mbali mwa bowo. Pakasowa pogwira, amayenera kubwezera bolodi pa makina n'kuboolanso mkuwa utaikidwa kale, zimene zimakweza mtengo ndipo bowo likhoza kusuntha pang'ono. Onani mpata umene fakitale yanu imafuna, koma pa bawuti siyani waukulu kuposa mutu wake ndi washala.

Chachisanu, tulutsani mafayilo awiri osiyana a Excellon, amene amauza makina malo ndi kukula kwa mabowo. Mu KiCad, musachonge bokosi la PTH and NPTH in single file. Mupeza fayilo imodzi yothera ndi PTH.drl, ina NPTH.drl. Ineyo sindilolanso kuwaphatikiza, ngakhale bowo la NPTH litakhala limodzi lokha. Mabowo aatali ngati mpata, monga a soketi ya magetsi, nawonso aikeni m'fayilo yoyenera.

Chachisanu ndi chimodzi, ikani tebulo la mabowo pa chojambula chopita ku fakitale: kukula, chiwerengero, PTH kapena NPTH, ndi mawu akuti miyezo yonse ndi ya bowo lomalizidwa.

Musanatumize, tsegulani mafayilo onse mu pulogalamu yoonera Gerber (mafayilo a zojambula za bolodi opita ku fakitale), monga GerbView. Yatsani fayilo ya NPTH yokha pamwamba pa mkuwa wa mbali iliyonse, werengani mabowo limodzilimodzi, ndipo onetsetsani kuti palibe limene likukhudza mkuwa. Kenako chitani chimodzimodzi ndi ya PTH: bowo lililonse likhale ndi mphete yake pamwamba ndi pansi.