Buku limodzi la kopaletivi yonse: mawu kwa atsogoleri ofuna ERP

Ndikamayendera makopaletivi a mpunga kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota, chomwe chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya mabuku. Wa pasikelo ali ndi kope lake, wosunga makiyi a nyumba ya katundu ali ndi lake, malisiti a msungichuma ali m'jumbo pansi pa tebulo. Tsiku la msonkhano waukulu likafika, manambala atatuwa sagwirizana, anthu n'kuyamba kulozana zala. Ndinaonapo mayi wina wachikulire akulira pamaso pa gulu chifukwa matumba ake asanu ndi limodzi sanapezeke m'buku lililonse, pomwe anawabweretsa yekha pa ngolo.

Ena mwa inu mwakhala mukundifunsa za ERP, mawu achidule a Enterprise Resource Planning. Ndi pulogalamu ya pakompyuta yomwe imamanga pamodzi kugula, kusunga katundu, kugulitsa, ngongole, malipiro a antchito ndi ndalama za kubanki, kuti zonse zikhale m'buku limodzi. Makampani akuluakulu amagwiritsa ntchito SAP, yomwe inayamba ku Germany mu 1972, koma imeneyo ndi yodula kwa gulu ngati lathu. Alipo mapulogalamu ena monga Odoo ya ku Belgium ndi ERPNext ya ku India omwe mungathe kuwapeza osalipira laisensi, ngakhale wodzakuikirani ndi kukuphunzitsani adzafuna zake.

Taonani momwe zimayendera. Membala wabweretsa Kilombero wosapuntha, wakwera pasikelo, wakwana makilogalamu 300. Mlembi alowetsa kamodzi kokha. Nthawi yomweyo katundu wa m'nyumba yosungira wakwera ndi 300, dzina la membalayo lalembedwa kuti gulu lili naye ngongole, ndipo feteleza amene anatenga pangongole nthawi yowokera wachotseredwa pomwepo. Msungichuma akamatumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, akuona nambala yomweyo imene wa pasikelo analemba. Palibe kukoperanso madzulo ndi tochi.

Phindu lalikulu ine ndimalionera kuchigayo. Mpunga ukapunthidwa, pa makilogalamu 100 aliwonse pamatuluka pakati pa 60 ndi 70 a mpunga woyera, kuphatikizapo wosweka. Otsalawo ndi mankhusu ndi deya. Mukamalowetsa zomwe zalowa m'chigayo ndi zomwe zatuluka tsiku ndi tsiku, sabata yomwe nambala yatsika mudzaidziwa msanga. Mwina mpunga unagulidwa wosauma bwino, mwina makina akufuna kukonza, mwinanso thumba likutulukira kukhomo lakumbuyo. Popanda kaundula wotere, zimenezi mumazazindikira mu Disembala ndalama zitatha kale.

Koma ndinene mosabisa, abale anga: kompyuta siwongola chokhota. Mukalowetsa bodza, idzakusungirani bodzalo mwaukhondo. Tonse tikukumbukira Cashgate ya mu 2013, pomwe ndalama za boma zinabedwa kudzera mu IFMIS, pulogalamu yoyendetsera chuma cha boma. Anthu ankalowetsa malipiro a katundu yemwe sanaperekedwe, kenako n'kufufuta umboni wake. Choncho aliyense akhale ndi nambala yake yachinsinsi, osabwerekana ngakhale ndi wapampando. Wolowetsa malipiro asakhale yemweyo wovomereza. Ndipo funsani wokuikirani pulogalamuyo akuonetseni malo amene amasonyeza kuti wasintha nambala ndani, tsiku liti, nthawi yanji. Ngati sangakuonetseni zimenezo, musasaine.

Musanagule chilichonse, yambani mwakonza zapapepala. Membala aliyense akhale ndi nambala yake, chifukwa a Banda ndi a Phiri m'kaundula mwanu ndi ambiri. Gwirizanani kuti muyezo ndi kilogalamu basi, osati uyu ndowa, uyu thumba. Sikelo iyesedwe ndi a Malawi Bureau of Standards. Werengani katundu yense ali m'nyumba, thumba ndi thumba, komiti yonse ilipo, ndipo nambala imeneyo ndiyo ikhale yoyambira.

Za magetsi ndi netiweki mukuzidziwa nokha. Laputopu ndi sola yaing'ono zimathandiza, ndipo zonse zomwe zalowetsedwa muzizisunganso kwina, kunja kwa ofesi, kuopa moto ndi akuba.

Nthawi yoyambira ndi yofunika. Musayambe mu Meyi kapena Juni pomwe ngolo zili pamzere pasikelo ndipo mlembi alibe mpata ngakhale wakumwa madzi. Phunzirani m'miyezi yamvula ntchito ya muofesi ikachepa, ndipo muphunzitse anthu osachepera atatu, kuti mnyamata mmodzi akapeza ntchito ku Lilongwe gulu lisagwire njakata. Chaka choyamba lembani m'kope ndi m'kompyuta momwe. Lachisanu lililonse sindikizani pepala la katundu ndi la ndalama, mulimate pachitseko cha ofesi, kuti membala aliyense wodutsa athe kupeza dzina lake ndi makilogalamu ake.