Oyilo wa pikapu ya dizilo: muzisintha liti, ndipo motani

Pikapu ya dizilo yogwira ntchito m'misewu yathu, kaya ndi Toyota Hilux, Isuzu KB kapena D-Max, Nissan Hardbody kapena Ford Ranger, isinthidwe oyilo pamodzi ndi fyuluta yake ikayenda makilomita 5,000, kapena pakatha miyezi 6, chilichonse chimene chayamba kukwana. Eni magalimoto ambiri amatsutsa nambala imeneyi chifukwa buku la galimoto limanena zina. Hilux yogulitsidwa ku South Africa imapatsidwa makilomita 10,000 kapena chaka chimodzi, ndipo D-Max ndi Ranger za masiku ano zimafika 15,000. Bukulo silinama ayi. Koma mukaliwerenga mpaka mkati mupeza ndandanda yachiwiri, ya galimoto yogwira ntchito yakalavulagaga, ndipo pamenepo mtunda uja kawirikawiri umadulidwa pakati. Zimene zimaika galimoto pa ndandanda yachiwiriyi ndi misewu ya fumbi, katundu wolemera kapena kukoka ngolo, maulendo afupiafupi obwerezabwereza, ndi kusiya injini ikulira galimoto itaima. Pikapu yosenza matumba a chimanga kapena mabelo a fodya kuchokera kumudzi, yokwera Chiweta kapena phiri lochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre itadzaza mpaka masipuling'i kuwongoka, ili pa ndandanda yachiwiri tsiku lililonse.

Chimene chimapha oyilo

Anthu amaganiza kuti oyilo amatha mphamvu chifukwa cha kukalamba basi. Mu injini ya dizilo chimene chimamuthetsa msanga ndi zinyalala zimene amasenza. Choyamba ndi mwaye. Dizilo akamapsa amasiya mwaye, ndipo wina umadutsa m'mbali mwa maring'i a pisitoni n'kugwera mu oyilo. Oyilo wabwino ali ndi mankhwala ogwira timadontho ta mwayeto kuti tisalumikizane, koma mankhwalawo ali ndi malire. Akakhuta, mwaye umayamba kugwirana, oyilo amalemera, ndipo pansi pa sampu, chiwaya chosungira oyilo kunsi kwa injini, pamakhala matope akuda amene amatseka kasefa kokokera oyilo ku pampu. Injini zokhala ndi EGR, imene imabwezera utsi wina mu injini, zimadetsa oyilo mofulumira kuposa zakale, ndipo injini za dizilo za Toyota zotchedwa D-4D zili m'gulu limeneli.

Chachiwiri ndi fumbi, ndipo apa m'pamene pikapu zambiri za kuno zimafera. Fumbi la msewu ndi mchenga wosalala kwambiri. Likalowa mu injini limasakanikirana ndi oyilo n'kumapala makoma a masilinda, maring'i ndi mabering'i pang'onopang'ono. Sililowera pothirira oyilo, limalowera ku mpweya: fyuluta ya mpweya yong'ambika, yosakhala bwino m'bokosi lake, kapena paipi yopita ku turbo imene kalampu yake yamasuka. Choncho m'nyengo yachilimwe, kuyambira cha mu Meyi mpaka mvula itagwa, tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya pa sevisi iliyonse ndipo pisani chala m'paipi ya kumbali yoyera. Mukapeza fumbi kumeneko, ndiye kuti injini ikudya dothi, ndipo ngakhale oyilo wokwera mtengo chotani sangaipulumutse. Kugogoda fyuluta pa tayala kapena kuipopera mpweya wamphamvu kumang'amba pepala lake m'timabowo tosaoneka ndi maso. Ikada, gulani ina.

Kenako pali dizilo ndi madzi. Injekita, kachipangizo kowaza dizilo mu silinda, ikatha imadonthetsa dizilo m'malo momuwaza ngati nkhungu, ndipo dizilo wosapsayo amatsikira mu sampu n'kusungunula oyilo. Madzi amachokera ku nthunzi imene imapangika injini ikamazizira. Pa ulendo wautali oyilo amatentha mokwanira kuti madziwo auluke, koma galimoto yongoyenda kuchokera kunyumba kupita kumsika, makilomita osafika 8, siifika pamenepo. Madzi akakumana ndi salufa wa mu dizilo amapanga asidi wodya zitsulo. N'chifukwa chake malire a miyezi 6 ali ndi ntchito ngakhale galimoto yayenda makilomita 2,000 okha.

Kuda kwa oyilo si muyeso. Mu injini ya dizilo oyilo watsopano amada asanathe makilomita mazana ochepa, ndipo zimenezo zimangosonyeza kuti akugwira mwaye monga ayenera. Kufikisa oyilo pakati pa zala kungakuuzeni ngati muli mchenga kapena dizilo wambiri, koma sikungakuuzeni ngati mankhwala ake atha.

Nanga ndani angafike 10,000?

Alipo. Pikapu yoyenda pa tala nthawi zambiri, maulendo aatali monga a pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, yopanda katundu wolemera, injini yosatulutsa utsi wakuda, yothiridwa oyilo wa mtundu weniweni umene buku likufuna, ingafike makilomita 10,000 popanda vuto. Ife sitingalangize kupitirira pamenepo pa galimoto imene yakalamba kale. Oyilo wa synthetic amapirira kutentha kuposa wamba, zoona, koma sachotsa mwaye kapena fumbi lolowa mu injini. Mukalipira ndalama zambiri pa oyilo, musaganize kuti mwagula chilolezo choiwala sevisi.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza kawerengedwe. Galimoto zochokera ku Britain zimawerenga mamailosi, ndipo makilomita 5,000 ndi mamailosi pafupifupi 3,100. Mukadikira kuti nambala ionjezeke ndi 5,000 pa galimoto yotere, mwayenda kale makilomita 8,000. China ndi kulira kwa injini galimoto itaima, monga pikapu yodikira anthu pa siteji kapena ya pa malo omanga nyumba. Mileji siyenda koma oyilo akugwira ntchito, ndipo mwaye umachuluka injini ikamalira pang'onopang'ono. Amakaniko amawerengera ola limodzi lotere ngati makilomita pafupifupi 40.

Oyilo woti mugule

Pa injini zopanda DPF (sefa yogwira mwaye mu ekizozi), monga 2KD ndi 1KD za Hilux zambiri za kuno kapena 4JA1 ya Isuzu, oyilo wa dizilo wa 15W-40 wolembedwa API CI-4 kapena CH-4 amakwanira bwino m'nyengo yathu yotentha. Chilembo C chikutanthauza dizilo. Oyilo wokhala ndi chilembo S chokha, monga SL kapena SN, ndi wa injini za petulo ndipo sangathe kusenza mwaye wa dizilo.

Galimoto zokhala ndi DPF ndi nkhani ina, ndipo zambiri zochokera ku Britain ndi ku Japan zaka zaposachedwa zili nayo. Zambiri mwa zimenezi zimafuna oyilo wosiya phulusa lochepa, wolembedwa ACEA C2 kapena C3, kapena JASO DL-1, malinga ndi buku lake, nthawi zambiri 5W-30 kapena 0W-30. Mukathira 15W-40 wamba, phulusa lake limatseka DPF, ndipo phulusa silipsa ngati mwaye. Galimoto zimenezi zimadziwikanso ndi kukwera kwa oyilo pa dipisitiki, kachitsulo koyezera kuchuluka kwa oyilo, chifukwa poyeretsa DPF injini imawaza dizilo wowonjezera, ndipo ulendo ukakhala waufupi wina amathera mu sampu.

Gulani oyilo m'chigubu chomata, pa malo odziwika. Oyilo wopimitsa m'mabotolo a madzi m'mbali mwa msewu simungadziwe kuti ndi wa mtundu wanji, ndipo wina amakhala wakale wongosefedwa. Fyuluta nayonso ikhale yeniyeni. Mkati mwake muli valavu yoletsa oyilo kubwerera mu sampu injini ikazima, ndipo mu fyuluta zachinyengo valavuyi siigwira. Chizindikiro chake ndi getsi la oyilo lochedwa kuzima m'mawa ndi kugogoda kwa masekondi angapo injini ikangolira.

Kasinthidwe kake

Konzani oyilo wokwanira musanamasule chilichonse. Hilux ya 2KD kapena 1KD imadya malita pafupifupi 7 pamodzi ndi fyuluta, ya 2GD kapena 1GD malita 7.5, ndipo Ranger ya 3.2 imayandikira malita 10. Chigubu chimodzi cha malita 5 sichikwana. Mufunikanso fyuluta, washala watsopano wa bawuti ya sampu, sipanala ya ring'i kapena soketi, imene pa Toyota nthawi zambiri ndi ya mamilimita 14, chomasulira fyuluta, beseni lotha kulandira malita 10, fanulo ndi nsanza.

Yendetsani galimoto mphindi 10 kuti oyilo afunde, chifukwa wozizira amatuluka mochedwa n'kusiya matope m'mbuyo. Iimikeni pamalo osapendekeka, kokani handibuleki, ikani mu giya, ndipo dikirani mphindi zochepa kuti musapse. Pikapu zambiri n'zazitali moti mungalowe kunsi popanda kukweza. Ngati mwakweza, musalowe pansi pa galimoto yodalira jeke yokha. Tsegulani chivindikiro chothirira oyilo pamwamba kuti mpweya uzilowa, chotsani chitsulo chotchinga kunsi ngati chikuphimba sampu, ndipo onetsetsani kuti bawuti imene mukumasula ndi ya injini. Anthu akhuthulapo oyilo wa giyabokosi molakwitsa, kenako n'kuthira malita 7 mu injini yodzaza kale.

Oyilo akamatuluka muyang'aneni, makamaka wotsirizira. Tizitsulo tonyezimira ndi chizindikiro chakuti mabering'i akudyeka. Akayamba kudontha pang'onopang'ono, pukutani pakamwa pa bowo, ikani washala watsopano, ndipo yambani kumanga bawuti ndi zala kuti isalowe mokhota. Pa Hilux mangani pakati pa 30 ndi 40 N·m (muyeso wa mphamvu yomangira bawuti), mphamvu ya dzanja limodzi pa sipanala wamba. Kuwonjezera paipi pa sipanala kumadya mazinga a sampu, ndipo pambuyo pake bawutiyo simangikanso. Washala wakale anaphwanyika kale, n'chifukwa chake amadontha, ndipo munthu akaona kudontha amamanga mopitirira.

Eni Ranger ya 2.2 ndi 3.2 asamale apa. Pampu ya oyilo ya injini zimenezi ikakhala youma nthawi yaitali imatha kulephera kukoka oyilo watsopano, ndipo injini imalira popanda oyilo m'mabering'i. Musasiye sampu yopanda kanthu kupitirira mphindi 10. Tsegulani zigubu ndi kukonza fyuluta musanamasule bawuti, ndipo musapite kukadya nsima galimoto ikukha.

Mukachotsa fyuluta yakale, yang'anani ngati labala yake yatuluka nayo limodzi. Nthawi zina imatsalira pa injini, ndipo fyuluta yatsopano ikakhala pamwamba pa malabala awiri, oyilo yense amathawa m'mphindi zochepa injini ikangolira. Pakani oyilo watsopano pa labala ya fyuluta yatsopano, ipotokoleni ndi dzanja mpaka labala itakhudza chitsulo, kenako onjezerani magawo atatu mwa anayi a kuzungulira kumodzi. Chomasulira chija ndi chomasulira basi, si chomangira. Pa injini zimene fyuluta yake ndi pepala lolowa m'chikho cha pulasitiki, monga Ranger, sinthaninso labala yozungulira ya pa chikhocho ndipo musachimange mwamphamvu, chimasweka.

Thirani oyilo koma siyani theka la lita. Lizani injini osaponda mafuta. Getsi la oyilo lizime m'masekondi ochepa, ndipo likapitirira masekondi 10, zimitsani injini msanga mufufuze. Likazima, isiyeni ilire mphindi ziwiri, suzumirani kunsi pa bawuti ndi pa fyuluta, zimitsani, dikirani mphindi 5, kenako yezani ndi dipisitiki. Onjezerani pang'onopang'ono mpaka oyilo ayandikire chizindikiro cha pamwamba osachidutsa. Oyilo wopitirira amapunthidwa ndi kirankishafuti n'kuchita thovu, amakankha masilo, ndipo mu dizilo angathe kukokedwa kupita ku mpweya moti injini imathamanga yokha osamva kiyi.

Lembani tsiku, mileji ndi mtundu wa oyilo pa kapepala ka pachitseko kapena m'kabuku ka m'galimoto.

Pamene simuyenera kudikira 5,000

Yezani oyilo kamodzi pa sabata, m'mawa injini isanalire, komanso musananyamuke ulendo wautali. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ali ndi madzi, ochokera ku gasiketi ya hedi, ku chozizira oyilo, kapena ku mtsinje umene munawoloka m'dzinja. Musayendetse galimoto yotere, chifukwa madzi amawononga mabering'i msanga. Oyilo wokwera yekha pa dipisitiki, wopyapyala ndi wonunkha dizilo, asinthidwe nthawi yomweyo ndipo mainjekita ayesedwe. Injini ikawira mpaka singano kufika pofiira, oyilo wake wapsa, musinthe mukangokonza chimene chinaiwiritsa. Galimoto yongogula kumene, kaya yachokera kunja kapena kwa mnzanu, isinthidwe oyilo ndi mafyuluta onse isanayambe ntchito, ngakhale kapepala kake kakunena kuti sevisi yachitika posachedwa.

Pa Hilux ya 1KD pali vuto lodziwika bwino lofunika kulitchula. Mawashala a pansi pa mainjekita akayamba kudutsitsa utsi, utsiwo umakumana ndi oyilo pansi pa chivindikiro cha pamwamba pa injini n'kupanga makala olimba. Makalawo amagwera mu sampu n'kutseka kasefa ka pampu, ndipo injini imanoka ngakhale mwini wake sanaphonye sevisi. Pokhuthula oyilo, makaniko wodziwa ntchito amasuzumira pa bowo la sampu ndi tochi kapena kakamera kuti aone kasefako. Mukaona timiyala takuda m'beseni, sampu itsitsidwe, kasefa katsukidwe, ndipo mawashala a mainjekita asinthidwe.

Oyilo wakale muthireni m'zigubu zija munagulira watsopano, mutseke, ndipo mukapereke ku galaja kapena malo ochitira sevisi amene amamusonkhanitsa. Musamutaye pansi, m'ngalande kapena m'chimbudzi chokumba, chifukwa amatsikira ku madzi a m'zitsime ndi m'mijigo. Oyilo wakuda ali ndi zinthu zoyambitsa khansa ya pakhungu akamakhudza thupi kawirikawiri, choncho valani magolovesi kapena sambani m'manja ndi sopo mukangomaliza, osati ndi dizilo kapena petulo.