Musathawe kuthetheka kwa mbale zakale za blues

Ngati mukufunafuna nyimbo za blues zojambulidwa ku America m'ma 1920 ndi 1930, musathamangire chimbale chomveka bwino kwambiri. Nyimbozi zinali pa mbale za galamafoni, mbali imodzi mphindi ngati zitatu basi, ndipo ozitulutsanso lero amatapa kuchokera pa mbale zomwezo, zina zokalikakalika. Ena pochotsa kuthetheka pa kompyuta amapyola muyezo. Woimba amamveka ngati ali m'chitini, kulira kwa nsambo za gitala n'kuzimiririka.

Yesani ndi Charley Patton, woimba blues wa ku Mississippi wa nthawi imeneyo. Zambiri anajambulitsa ku Paramount, kampani yomwe inkapanga mbale ndi zipangizo zosalimba, choncho phokoso silisowa. Sankhani nyimbo yake imodzi, muimve momwe anaitulutsira a Yazoo, kenako a Document (makampani otulutsanso nyimbo zakale), mutavala mahedifoni, osati pa sipika ya foni. Ine ndimasankha yothetheka, bola mawu ake osasa aja akhale athunthu. Khutu limazolowera msanga.

Pogula, funani chimbale chokhala ndi kabuku. Mwachitsanzo, Anthology of American Folk Music, nyimbo zakale za oimba osiyanasiyana zomwe Harry Smith anasonkhanitsa n'kutulutsa mu 1952, a Smithsonian Folkways anaitulutsanso mu 1997 ndi kabuku kofotokoza nyimbo iliyonse ndi oimba ake.