Mmene Mungachepetsere Thupi Ngati Munazolowera Zakumwa Zotsekemera

Munthu amene akufuna kuchepetsa thupi kawirikawiri amayambira pa nsima, n'kumadya mtanda umodzi m'malo mwa itatu, koma botolo la Fanta kapena Coca-Cola limene amagula pa okala masana aliwonse saliwerengera n'komwe, chifukwa m'maganizo mwake chakumwa si chakudya. Komatu poyambira pabwino ndi pa botolo lomwelo. Shuga wakumwa sakhutitsa monga chimachitira chakudya chotafuna, choncho munthu amamwa botolo lonse kenaka n'kudya nsima yake monga mwa masiku onse, ndipo mphamvu yotsalayo thupi limaisunga ngati mafuta.

Choyamba ndi kudziwa kuchuluka kwa shuga amene mukumwa. Mu Coca-Cola muli magalamu a shuga pafupifupi 10.6 pa mamililita 100 aliwonse, ndipo supuni yaing'ono ya tiyi imanyamula magalamu 4. Izi zikutanthauza kuti botolo lagalasi la mamililita 300 lili ndi masupuni pafupifupi 8, pamene lapulasitiki la mamililita 500 lili ndi masupuni 13. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asafike pa magawo 10 mwa magawo 100 a mphamvu imene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku, omwe kwa munthu wamkulu ndi masupuni pafupifupi 12, ndipo linanenanso kuti kusapyola masupuni 6 ndiko kwabwino koposa. Botolo limodzi lalikulu limapyola kale malirewo munthu asanamwe ngakhale tiyi wam'mawa. Ngati mukukayika, tungani masupuni 13 a shuga, muwathire m'mbale yaing'ono, muone mulu wake ndi maso anu.

Sabata yoyamba musasinthe chilichonse, koma muzilemba m'kope chakumwa chotsekemera chilichonse chimene mwamwa, nthawi yake, malo ake ndiponso chimene chinakuchititsani kumwa. Mulembe zonse: Fanta, Frozy wa pamsika wa Limbuli, Sobo wosungunula kunyumba, maheu a m'botolo, zakumwa zopatsa mphamvu zimene oyendetsa njinga za kabaza amakonda, ngakhalenso thobwa ngati wathiridwa shuga. Ambiri akachita zimenezi amapeza kuti samwa mwachisawawa, koma pa nthawi zodziwika, monga podikira minibasi pa Chitakale dzuwa likuswa mtengo, podya chipisi cha pachiwaya, kapena cha m'ma 3 koloko masana pamene thupi lalefuka ku ntchito. Nthawi iliyonse ili ndi mankhwala ake. Ngati vuto ndi ludzu, yankho ndi madzi. Ngati ndi njala, yankho ndi chakudya. Ngati ndi kutopa, mwina mukugona mochedwa kapena mukuchoka kunyumba osadya kanthu m'mawa.

Mukadziwa zimenezi, yambani kuchepetsa pang'onopang'ono. Ine sindilimbikitsa kusiya zonse tsiku limodzi, makamaka kwa amene amamwa mabotolo awiri kapena atatu a Coca-Cola pa tsiku, chifukwa m'chakumwachi muli kafini, chinthu chochotsa tulo chimene chimapezekanso mu tiyi ndi khofi, ndipo womusiya mwadzidzidzi amamva mutu, ulesi ndi kukwiya msanga kwa masiku angapo, zomwe zimabwezera ambiri ku okala asanathe ndi sabata yomwe. Amene amamwa atatu atsike pa awiri kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenaka limodzi, kenaka asinthe botolo lalikulu n'kumagula laling'ono, mpaka chakumwacho chikhale cha Loweruka kapena cha pa ukwati basi. Yambani ndi kuchotsa botolo limene simulikonda kwenikweni, lija mumangomwa chifukwa mnzanu wagula, ndipo lomwe mumalilakalaka kwambiri likhale lomalizira.

Chibaba chikabwera, imwani kaye kapu yodzadza ya madzi n'kudikira mphindi 10 kapena 15, pakuti nthawi zambiri chimazirala chokha. Muziyenda ndi botolo lanu la madzi otetezedwa bwino, owiritsa kapena othira kolorini, popeza munthu amene ludzu lam'peza pa msika wa Luchenza alibe madzi m'chikwama amagula chimene chili pafupi. Amene madzi okha amawavuta kukhosi angathe kufinyiramo ndimu. Kunyumba musasunge kireti, ngakhale mutanena kuti ndi ya alendo.

Pamene ambiri amagwera ndi pa tiyi, ndipo ife a ku Mulanje ndi Thyolo, amene minda ya tiyi yatizungulira mbali zonse, tiyenera kusamala kwambiri. Tiyi payekha alibe vuto, ndipo kafini wake amathandiza kuchepetsa mutu uja pamene mukusiya Coca-Cola. Vuto ndi dzanja lothira shuga. Kapu yaikulu yothiramo masupuni anayi odzadza, ikamwedwa m'mawa, masana ndi madzulo, imabweza shuga yense amene munamuthawa m'botolo, ndipo mudzadabwa kuti sikelo sikusuntha chonsecho Fanta munasiya. Chotsani theka la supuni sabata iliyonse. Masiku oyamba tiyiyo amamveka wowawa, koma lilime limazolowera, kufikira kuti tiyi amene munkamwa kale mudzamuona ngati wotsekemera mopyola muyezo. Chimodzimodzi ndi madzi a malambe, a bwemba kapena a chidede: ndi abwino, koma akathiridwa shuga wa m'chikho sasiyana kwenikweni ndi za m'botolo. Ena amanena kuti shuga wa m'dziko muno amathiridwa vitamini A, zomwe ndi zoona, koma vitamini yemweyo mungamupeze m'mbatata yofiira m'kati, m'mapapaya, m'mango ndi m'masamba obiriwira.

Zipatso ndi bwino kuzitafuna kusiyana ndi kuzifinya. Chinanazi cha ku Mulanje kuno mukachisenda n'kudya zidutswa ziwiri kapena zitatu mumakhuta, chifukwa mwadya pamodzi ndi ulusi wake, koma mukachifinya mumatha kumwa madzi a zidutswa zambiri m'kapu imodzi, njala ili chilili. Nthochi imodzi kapena mtedza wokazinga wodzadza m'dzanja zimagwira m'mimba pa nthawi ya masana ija kuposa botolo ndi mandasi.

Za zakumwa zolembedwa kuti zilibe shuga, maganizo anga ndi akuti zingathandize munthu amene akuvutika kwambiri m'masabata oyamba, koma zisakhale zokhalitsa. Zimasunga chizolowezi chofuna kutsekemera, ndipo mu 2023 bungwe la WHO linalangiza kuti zotsekemeretsa zopanda shuga zisadaliridwe pofuna kuchepetsa thupi.

Pa chakudya, simukufunika kudzizunza ndi njala. Chepetsani nsima pang'ono, makamaka yamadzulo, musankhe mgaiwa pamene mungathe, ndipo theka la mbale likhale masamba monga chisoso, bonongwe kapena nkhwani. Nandolo, nyemba, kalongonda wophikidwa mpaka kupsa bwino, usipa ndi mazira zimakhalitsa m'mimba, motero chibaba cha zotsekemera chimachepa. Mapeyala ndi abwino, koma ali ndi mafuta ambiri, choncho theka likukwanira, ndipo musawathire shuga monga ena amachitira.

Kuyenda n'kofunika, ngakhale kuti pakokha sikungafafanize zimene mwamwa. Kuti muwotche mphamvu ya m'botolo limodzi la mamililita 500 mufunika kuyenda mwandawala kwa mphindi zoposa 40. Akuluakulu amalangizidwa kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo kuno zitunda sizisowa: tsikani minibasi patali pang'ono ndi kwanu, kapena siyani kabaza pa maulendo aafupi.

Dziyezeni pa sikelo imodzimodzi kamodzi pa sabata, m'mawa musanadye, ndipo muziyezanso m'chiuno ndi tepi ya telala modutsa pa mchombo, chifukwa nthawi zina mimba imaphwa sikelo isanasonyeze kanthu. Kutsika ndi theka la kilogalamu pa sabata ndi liwiro labwino, ndipo munthu wolemera makilogalamu 90 akataya 5 mpaka 9 amakhala atathandiza kale shuga wa m'magazi ndi kuthamanga kwa magazi ake. Achibale ena adzakufunsani ngati mukudwala, pakuti kwathu kuno kunenepa kumatengedwa ngati chizindikiro cha mtendere. Ayankheni mwaulemu kuti mwachita kufuna. Mukapatsidwa botolo kwa apongozi kapena pa chinkhoswe, mungalandire ndi manja awiri n'kugawana ndi wina, kapena kupempha madzi, ndipo mukamwa lonse musataye mtima, mawa lake pitirizani pamene munalekezera.

Pali anthu amene ayenera kuonana ndi achipatala asanayambe. Amene akumwa mankhwala a matenda a shuga kapena kubaya insulini afunse kaye, chifukwa kuchepetsa shuga ndi chakudya mankhwala ali omwewo kungatsitse shuga wa m'magazi mopyola muyezo, munthu n'kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta kapena kukomoka. Amayi oyembekezera asayambe kuchepetsa thupi popanda uphungu wa kusikelo, ngakhale kuti kusiya zakumwa zotsekemera n'kwabwino kwa iwonso. Ndipo ngati muli ndi ludzu losatha, mukukodza pafupipafupi usiku, kapena mukuonda musanasinthe kadyedwe, pitani kuchipatala cha boma cha Mulanje kapena Thyolo, kapena chipatala chilichonse chapafupi, mukayezetse shuga wa m'magazi.