Kagulidwe ka Chakudya kwa Amalawi Okhala ku Britain

Malipiro a Mmalawi wogwira ntchito ku Britain, makamaka yosamalira okalamba ndi odwala, amagawika patatu asanafike n'komwe m'thumba: lendi, chakudya, ndi ndalama yotumiza kumudzi. Choncho palibe chochititsa manyazi pogula mpunga, mafuta ophikira ndi nyemba zam'chitini ku Aldi kapena ku Lidl, komwe zinthu zimatsika mtengo. Nzeru yagona posankha zinthu zowerengeka zimene kandalama kowonjezera kamapinduliradi mlimi kapena chiweto.

Yambani ndi mazira, chifukwa dzira lililonse limadindidwa nambala yosonyeza mmene nkhuku inaweteredwa. Nambala 0 ndi ya ulimi wa organic (wotsata njira zachilengedwe), 1 ndi ya nkhuku zotuluka panja masana, 2 ndi ya zokhala m'khola lalikulu osatuluka, pomwe 3 ndi ya zotsekeredwa m'makola awaya. Pa nyama, chizindikiro cha Red Tractor chimatsimikiza kuti yachokera ku mafamu a m'dzikomo amene amayenderedwa, koma amene akufuna kasamalidwe kabwinopo ka ziweto ayang'ane cha RSPCA Assured, cha bungwe loteteza nyama.

Chizindikiro chimene chimatikhudza kwambiri ife ndi cha Fairtrade, ndondomeko yofuna kuti alimi azilipidwa mwachilungamo. Ambiri amachiona ngati nkhani ya azungu achifundo, chikhalirecho ena mwa alimi amene ali m'ndondomekoyi ndi abale athu: olima nzimbe ku Kasinthula m'boma la Chikwawa, ndi alimi ang'onoang'ono a tiyi a Sukambizi ku Mulanje. Kuwonjezera pa mtengo wa mbewu, gulu la alimi limalandira ndalama yapadera imene eni ake amagwirizana chochita nayo, ndipo ku Kasinthula ina inakumbitsa mijigo. Si paketi iliyonse ya shuga kapena tiyi wa Fairtrade imene yachokera ku Malawi, kotero werengani kumbuyo kwake musanalipire. Nthochi zokha sizifuna kuganizira kwambiri, popeza zonse za m'masitolo a Sainsbury's, Waitrose ndi Co-op ndi za Fairtrade.

Misika ya alimi, imene nthawi zambiri imachitika Loweruka kapena Lamlungu, ndi yokwera mtengo pa nyama ndi tchizi, koma ndiwo zamasamba ndi zipatso za nyengo yake siziboola m'thumba kwenikweni: maapozi ndi maungu mu Okutobala, kabichi ndi masamba otchedwa "kale" pa Chingerezi m'miyezi yozizira. Dziwaninso kuti zogulitsidwa m'mbale pamsika wam'misewu, ngakhale n'zotchipa, zambiri zimachokera kunja.

Nkhwani ndi bonongwe simudzazipeza m'masitolo akuluakulu. Njira yodalirika ndi kulembetsa ku khonsolo ya dera lanu kadimba kobwereka kotchedwa allotment, kamene lendi yake imalipiridwa pachaka. M'mizinda ikuluikulu mndandanda wa odikira umatalika mpaka zaka, motero lembetsani mukangokhazikika, ndipo maungu muwadzale panja chakumapeto kwa Meyi, chisanu chitatha.