Momwe Mungathandizire Mayi Wopezeka ndi Khansa ya M'bere Yosafalikira Kusankha Chithandizo

Mayi akangomva mawu akuti khansa, zambiri zimene dokotala anena pambuyo pake sizimvekanso m'makutu mwake. Choncho ntchito yoyamba ya dokotala kapena namwino amene akusamalira mayi wopezeka ndi DCIS (ductal carcinoma in situ), yomwe ndi khansa ya m'bere yosafalikira, ndiyo kumufotokozera modekha chimene chapezeka m'bere lake. Pa matendawa, maselo osokonekera amakhala m'kati mwa tinjira timene mkaka umadutsamo ndipo amakhala asanaboole khoma la tinjirato, n'chifukwa chake madokotala amawaika pa siteji 0. Amayi ambiri sakhala ndi chotupa chogwirika ndi manja; vutoli limadziwika mamogalamu (kujambula bere ndi X-ray) ikaonetsa timadontho toyera ta kashiamu, kenako kachidutswa ka mnofu n'kukapimidwa.

Tengani pepala mujambule kanjira ka mkaka ngati paipi, muike timadontho m'kati mwake, ndipo mumulozere khoma limene silinabooledwe. Mukamaliza, mupempheni kuti abwereze m'mawu akeake zimene wamva, pakuti kugwedeza mutu sikutanthauza kuti munthu wamvetsa. Pewani kumuuza kuti matendawa si kanthu, chifukwa ena mwa maselowa akasiyidwa amadzasanduka khansa yofalikira, ndipo ngakhale kupima kumasonyeza ngati ali a giredi (mulingo wa kusokonekera kwawo) yotsika, yapakati kapena yokwera, palibe amene anganeneretu motsimikiza za mayi mmodzi payekha. Komanso musamuopseze. Kafukufuku amene anatuluka mu 2015, wa amayi oposa 100,000 opezeka ndi DCIS, anapeza kuti pa zaka 20, amayi pafupifupi 3 okha pa 100 aliwonse ndi amene anamwalira ndi khansa ya m'mawere.

Chinthu chimene ndimachiona kukhala chofunika koposa ndi kumupatsa nthawi. Matendawa safuna opaleshoni ya mawa lomwe, kotero mayi asasainitsidwe pepala lovomereza chithandizo tsiku limene wamva zotsatira, misozi idakali m'maso. Mukonzereni tsiku lina pakapita masiku ochepa, mumuuze kuti akhoza kubwera ndi munthu amene amamukhulupirira, ndiponso kuti alembe mafunso amene angamubwerere usiku. Wobwera nayeyo athandize kumvetsera ndi kukumbukira, koma mafunso anu azilunjika kwa mwini thupi.

Pa tsiku lachiwirilo, musanatchule njira za chithandizo, mufunseni chimene chikumudetsa nkhawa kwambiri. Wina amaopa kutaya bere, wina amaopa kudzamvanso uthenga womwewu patsogolo, ndipo wina amadera nkhawa ntchito kapena ana amene angasowe wowasamalira iye akamapita kuchipatala tsiku ndi tsiku. Yankho lake ndi limene likutsogolereni poyala njirazo. Njira yoyamba ndi kuchotsa mbali yodwalayo pamodzi ndi mnofu wabwino wozungulira, umene madokotala ambiri amafuna ukhale wosachepera mamilimita 2, ndipo kawirikawiri pamatsatira radiotherapy, yomwe ndi chithandizo chopha maselo a khansa ndi cheza champhamvu. Mufotokozereni moona kuti radiotherapy imachepetsa ndi theka mwayi woti matendawa abwerere m'bere lomwelo, koma kusiyana kwake pa kutalika kwa moyo n'kochepa kwambiri, ndiponso kuti mwa matenda amene amabwerera, pafupifupi theka amakhala ofalikira. Njira yachiwiri ndi kuchotsa bere lonse, imene imalimbikitsidwa ngati matenda atenga malo aakulu kapena ali m'malo angapo. Apa kambiranani msanga za kupanganso bere, ndipo mulemekeze mayi amene sakufuna zimenezo. Muuzeninso kuti DCIS sifuna chemotherapy (mankhwala amphamvu opha maselo a khansa), pakuti ambiri amakhala akuopa kuthothoka tsitsi koma osanena.

Ngati maselo apezeka kuti amakula mothandizidwa ndi homoni ya estrogen, pali mapiritsi monga tamoxifen, omwe kawirikawiri amamwedwa zaka 5, kapena anastrozole kwa amayi amene anasiya kusamba. Musabise zovuta zake: tamoxifen amatenthetsa thupi mwadzidzidzi ndipo mwa apo ndi apo amachititsa magazi kuundana kapena khansa ya chiberekero, pamene anastrozole amapweteketsa m'malo olumikizana mafupa ndi kufooketsa mafupawo. Mayi amene waganiza bwino n'kukana mapiritsiwa sanalakwe. Ena adzafunsanso ngati n'kotheka kungomayang'aniridwa popanda opaleshoni. Auzeni kuti njirayi ikuyesedwa m'kafukufuku monga wa COMET ku America, pa amayi a DCIS yoopsa pang'ono okha, ndipo zotsatira zoyamba za mu 2024 zinali zolimbikitsa koma zinali za zaka ziwiri zokha.

Chithandizo chikatha, nkhawa sithera pomwepo, ndipo amayi ambiri amasowa tulo tsiku lokapimidwa likamayandikira. Pa ulendo uliwonse mufunseni za mtima wake, za chilonda, ndi za mmene akuonera thupi lake, ngakhale za m'banja ngati ali womasuka kuzikamba. Asanatuluke, mupatseni pepala lolembedwa momveka bwino dzina la matenda ake, chithandizo chimene walandira, tsiku la mamogalamu yotsatira imene imachitika chaka chilichonse, ndi nambala yoti aimbe akaona chotupa chatsopano, kusintha kwa khungu kapena timadzi tamagazi totuluka kunsonga ya bere.